Kanagavalli, Amene Anayankhula Bwana Asanayankhule

Kanagavalli anabadwa pa 14 Marichi 1962 ku Pollachi, mwana wachitatu wa kondakitala wa basi. Anayamba ntchito pa fakitale ya mapampu a madzi ya a Nachimuthu, kuno ku Coimbatore, pa 2 Juni 1986. Masiku amenewa ndikuwadziwa bwino chifukwa ndinali mlembi wa a Nachimuthu kuyambira 1978 mpaka 2012, ndipo aliyense wolowa ntchito ankadutsa pa tebulo langa. Mwezi watha fakitale inachita phwando lokumbukira zaka makumi asanu. Anthu anayankhula mpaka khofi kuzizira. Anatchula ngakhale lole yoyamba imene inkanyamula katundu, koma dzina la Kanagavalli silinatuluke pakamwa pa munthu. Ndinachokako mtima ukuwira, ndipo mpaka lero sunazizire.

Anabwera ndi digiri ya masamu, koma poti anali mkazi anamuika pa ntchito yolowetsa manambala mu kompyuta. Mwamuna amene ankalemba mapulogalamu anapita ku Dubai mu 1989, n'kusiya mabuku awiri onenepa a RPG, chilankhulo cha mapulogalamu chimene makina athu a kompyuta ankamva. Kanagavalli anawanyamula m'chikwama cha nsalu, n'kumawerenga m'basi popita ndi pobwera. Pamene makina atsopano a AS/400 ankafika pa 5 Seputembala 1994, akuda bii, otalika ngati firiji, panalibenso wina wowadziwa kuposa iye. Mtengo wa pampu iliyonse, kuchotsera kwa wogulitsa aliyense, msonkho, katundu wotsala mosungira, zonse zinkadutsa m'mapulogalamu amene analemba ndi zala zake.

Ndisakunamizeni kuti anali munthu wofatsa. Anali wa pakamwa pakuthwa. Ukalakwitsa nambala ankakuuza anthu akumva, ndipo sankadziwa kuseka nthabwala zosaseketsa za mabwana. Mwamuna wake atachotsedwa ntchito ku fakitale ya nsalu mu 1999, nyumba yonse inatsamira pa iye, ndipo pakamwa pake panathwa kuposa kale. Ine ankanditcha Akka, monga mng'ono atchulira mkulu wake, ndipo ndine ndekha amene ndinkatha kumuuza kuti akhale chete.

Chaka chilichonse pa Ayudha Puja, tsiku lolemekeza zida zogwirira ntchito, fakitale yonse inkatsukidwa. Pazipata tinkamanga mitengo ya nthochi, makina onse ankapakidwa madontho a phala lonunkhira ndi ufa wofiira, ndipo tsikulo palibe chida chinkagwira ntchito. A Nachimuthu eni ake, amene tonse tinkawatcha Ayya, ankayenda kuchokera pa makina awa kupita pa ena. Ankatenga nkhata ya maluwa m'thireyi n'kuipereka kwa munthu amene manja ake amadyera pa chidacho, kuti aipachike yekha. Panalibe lamulo lolembedwa, koma aliyense ankadziwa: wolandira nkhata ndiye mwini ntchito. Ya makina akuda inkapita kwa Kanagavalli kuyambira chaka chimene makinawo anafika.

Amuna osula zitsulo ankakonda kumuputa.

"Amayi, makina anuwo satuluka thukuta, sadya mafuta. Maluwa ndi a chiyani?"

"Ako akaima, ugona ndi njala tsiku limodzi," ankatero. "Anga akaima, mkazi wako abwerera kwawo mwezi usanathe."

Mu Januwale 2007, Elango, mwana yekhayo wamwamuna wa Ayya, anabwera kuchokera ku sukulu ku America n'kupatsidwa ofesi yoyandikana ndi ya bambo ake. Ali wamng'ono ankabwera ku fakitale pa tchuthi, ndipo Kanagavalli ndiye anamuphunzitsa poika zala pa kiyibodi. Ankamutcha Thambi, mlongo wamng'ono, ndipo sanaone chifukwa chosinthira. Sanali mnyamata wopusa. Anaona msanga chimene ogulitsa athu a ku Salem, Erode ndi Madurai ankadandaula: kuti adziwe mtengo kapena aitanitse katundu, ankayenera kuimba foni n'kudikira mtsikana wa mu ofesi awerenge zilembo zobiriwira pa kompyuta yake. Iwo ankafuna kutsegula tsamba pa intaneti ali m'mashopu mwawo n'kudzionera okha.

Masambawo ankayenera kutuluka m'makina akuda omwewo, chifukwa mitengo ndi katundu zinali mmenemo. Funso linali limodzi: alembedwe m'chilankhulo chiti? Njira zinali zitatu. Ina inali kupitiriza ndi RPG yomweyo, ina inali Java, ndipo yachitatu inali PHP, imene inali itangoyamba kumene kuyenda pa makina a mtundu wathu.

Kanagavalli sanadikire kuuzidwa. Kuyambira mu Marichi ankadyera mpunga wake wa chambiko patebulo la ntchito, dzanja limodzi m'mbale, lina pa kiyibodi. Anasankha kantchito kamodzi, kosonyeza wogulitsa mtengo wa pampu imodzi, n'kukalemba katatu, m'zilankhulo zonse zitatu. Ine za mapulogalamu sindidziwa, koma anandifotokozera mokwanira kuti ndimve.

"RPG ikuthamanga, Akka, koma ndikafa muika nayo m'manda. Mnyamata wanji angaiphunzire lero? Akapita kukafunsira mbeta, apongozi amayamba kufunsa ngati amadziwa Java asanafunse ngati amamwa mowa."

"Ndiye tenga Javayo, anyamata akwatire."

"Java ndi yabwino, ndilibe nayo mlandu. Koma imadya ngati mlendo wa paukwati. Makina afunika kuwonjezera mphamvu, ndipo ine kuti ndiidziwe bwinobwino ndi chaka chathunthu. Sangandidikire. Aitana anthu a kunja."

"Nanga yachitatuyo?"

"Imeneyo ndi yopepuka. Masamba tilembe mu PHP, koma kuwerengera mitengo kukhale mu RPG momwe kulili. Ine ndi atsikana anga awiri a mu ofesi muno tikhoza kuiphunzira mvula isanabwere."

Nkhani yonse inagona pamenepo, ndipo iye ankadziwa. Akasankha PHP, ntchito yatsopano ikhala m'chipinda chake, m'manja mwake. Akasankha Java, ipita kwa alendo, iye n'kutsala mlonda wa zinthu zakale, mkazi wa zaka makumi anayi ndi zisanu amene palibe fakitale ina ingamulembe.

Msonkhano wosankha unaikidwa Lachitatu, pa 13 Juni. Lolemba lake, Elango anaima pa tebulo langa.

"Amayi, mundipezere nambala ya mphunzitsi uja wa ku Bangalore, wa PHP. Mumufunse ngati angabwere mwezi wamawa, adzaphunzitse a Kanagavalli ndi atsikana awo."

"Ndiye mwasankha kale?"

"Ndawerenga, ndafunsa anzanga. Pa fakitale ngati yathu ndi yokwana. Koma abambo musawauze. Ndikufuna akamve kwa ine Lachitatu."

Atangotembenuka ndinapita kuchipinda cha makina. Chinsinsi chotero si chosungira munthu amene mpunga wake uli pachiswe.

"Wapambana," ndinamuuza. "Mwana akufuna zomwe ukufuna iwe. Tsopano ndimvere bwino. Lachitatu Ayya ayamba kufunsa iwe, monga amachitira nthawi zonse. Usayankhe. Unene kuti Thambi waifufuza bwino nkhaniyi, ayambe ndiye. Akamaliza, iwe uvomereze basi."

"Miyezi itatu ndadya mpunga wozizira kuti ndikagwedeze mutu ngati ng'ombe ya pakachisi?"

"Gwedeza. Ng'ombe ya pakachisi sigona ndi njala."

"Akka, kodi manambala alinso ndi wamkulu ndi wamng'ono?"

"Manambala alibe. Fakitale ili nawo."

Anaseka pang'ono, nati wamva.

Sindinamuuze chachilendo. Aliyense amene anagwirapo ntchito pa fakitale ya banja amadziwa mmene zimakhalira mwana akangolowa mu ofesi. Bambo akafunsa wantchito wakale mwana ali pomwepo, sakufuna yankho. Akufuna wantchitoyo atsegulire mwana chitseko anthu akuona. Oyang'anira malonda ankadziwa, akauntanti ankadziwa, ngakhale wophika khofi ankadziwa.

Lachitatu m'chipinda munali Ayya, Elango, akuluakulu a nthambi, Kanagavalli, ndi ine ndi cholembera changa. Munalinso alendo awiri a kampani ya mapulogalamu ya ku Chennai, amene anaitanidwa kuti adzafotokoze za Java. Wamkulu wawo anali Jeyaseelan, mnyamata waulemu wovala tayi pa kutentha konse kuja. Atamaliza kufotokoza, Ayya anatembenukira kwa Kanagavalli monga ndinanenera.

"Kanagam, makinawa ndi ako. Ukuti chiyani?"

Ndinamuyang'ana. Iye sanandiyang'ane. Anayamba bwino, anati, "Ayya, Thambi..." Kenako anaona kompyuta imene anabwera nayo, itayaka kale patebulo, masamba ake atatu akudikira. Anaikokera pafupi.

Anayankhula momveka kuposa tsiku lina lililonse limene ndinamumvapo. Anaonetsa tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ananena ubwino wa Java mosabisa, n'kunenanso chimene ingafune. Anafunsa Jeyaseelan mafunso awiri, ndipo mnyamatayo anavomera kuti ndi zoona. Anamaliza ndi PHP, mawu ake akufanana pafupifupi ndendende ndi amene Elango anakonzekera kunena.

Zikanathera pomwepo mwina zikanakonzeka. Koma Ayya anawomba patebulo akuseka, nayang'ana mwana wawo.

"Wamva, Elango? Amene anakuphunzitsa kiyibodi wamaliza kale nkhani. Nanga ku America ndinakutumiziranji? Bola ndikanakutumiza ku Pollachi pa basi."

Akuluakulu a nthambi anaseka, poti bwana akaseka umaseka. Alendo anayang'ana pansi. Elango sanaseke. Anadikira phokoso lithe, natseka kabuku kake.

"Abambo, a Kanagavalli agwira ntchito yabwino, tiwathokoze. Koma tsabola wakale sawawa. Iwo akuyang'ana chimene angathe kuphunzira iwowo. Ine ndikuyang'ana kumene fakitale idzakhale zaka khumi zikubwerazi. Makampani aakulu onse ali pa Java. Ife sindife okala ya pamsika."

Ayya anasiya kuseka. Anazindikira chimene anachita, koma kutsutsa mwana wawo pamaso pa alendo ataseka kale kukanakhala kumumenya kawiri. Anakanda chibwano, nati, "Mwana waphunzira. Tichite zimene wanena."

Masana omwewo Elango anandiuza kuti ndiimbire mphunzitsi wa ku Bangalore asabwerenso. Ndinamuona akuvala kabudula mwana ameneyu, choncho sindinaope.

"Lolemba munati chiyani, bwana?"

"Lolemba linali Lolemba."

"Dzana PHP inali yokwana fakitale yathu. Yachepa liti?"

"Amayi, ndikaitenga tsopano, mpaka kufa kwanga azidzati bwana wamng'ono amanyamulira Kanagam chikwama. Inu mungagwire ntchito pansi pa munthu wotero?"

"Ndagwira pansi pa anthu oipa kuposa pamenepo."

"Imbani foniyo."

M'mawa mwake Kanagavalli anachita chimene sindinamuonepo akuchita. Anagogoda pa ofesi ya mnyamatayo atanyamula kompyuta ija, chitseko n'kuchisiya chotsegula, moti ndinamva zonse.

"Thambi, ndinathamanga pakamwa. Tenga zonsezi, unene kuti ndi zako. Ine sindidzatsegulanso kamwa."

"Zanga bwanji, anthu khumi atamva kwa inu?" anatero Elango. "Ndiponso, mayi, kuno ndi kuntchito. Thambi ali kunyumba."

Anatuluka nkhope ili gwa, n'kudutsa pa tebulo langa osaima.

Anthu a ku Chennai anayamba pa 2 Julayi. Anali asanu ndi mmodzi, ndipo anaikidwa m'chipinda cha makina, matebulo a atsikana a Kanagavalli n'kukankhidwira kukhoma. Pano ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale chikundiwawa. Ntchito yawo inali yabwino. Palibe chimene chinagwa, palibe tsiku limene anathamangira kwa iye akulira. Ankafunika mapulogalamu ake owerengera mitengo, ndipo iye anawafotokozera limodzilimodzi, osabisa kanthu, akuwatukwana pang'ono akachedwa kumva. Jeyaseelan ankaimirira iye akalowa. Anthu ena amafuna nkhani ngati iyi ithe ndi makina kupsa kuti wolakwiridwa aoneke wolungama. Sizinatero. Java inagwira ntchito, PHP ikanagwiranso. Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe anasankha chilankhulo tsiku lija. Anasankha kuteteza ulemu wa mwana, ndipo analipira ndi mkazi wa eni.

Tsamba linayenera kutsegulidwa pa 21 Okutobala, tsiku labwino loyambira zinthu zatsopano. Dzulo lake, Loweruka pa 20, inali Ayudha Puja. Kanagavalli anafika m'mamawa atavala sari yake ya silika yobiriwira. Anapukuta makina akuda ndi nsalu yofewa, napaka madontho atatu pachitseko chake monga ankachitira chaka ndi chaka. Chaka chimenecho Ayya anati mawondo akuvuta, thireyi ayende nayo Elango. Mawondo amenewo ndinawaona akukwera masitepe a kachisi sabata yomweyo.

Gulu linalowa m'chipinda cha makina, osula zitsulo atadzaza pakhomo. Kanagavalli anaima pamalo pake, manja atatambasula kale. Elango anatenga nkhata, namudutsa, naipereka kwa Jeyaseelan.

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo. "Bwana, ine ndine mlendo. Amayiwa ndiwo..."

"Mawa makinawa ayamba ntchito yatsopano, ndipo ndi ya manja anu. Pachikani."

Jeyaseelan anayang'ana Ayya. Ayya ankayang'ana denga. Anayang'ana Kanagavalli, nkhata ili lende m'manja ngati yotentha.

"Pachika, mwanawe," anatero Kanagavalli. "Koma osati potulukira mpweya. Maluwa akauma amagwera mkati."

Anapachika pamene anamulozera. Wansembe anazunguliza moto, belu linalira, anthu analandira mbuliwuli za mpunga ndi nthochi m'timatumba. Kanagavalli anazula kiyibodi yake yakale, yolemera ija imene zilembo zake zinafufutika ndi zala, n'kutuluka nayo. Anakaiika pabwalo, pamphasa pamene osula zitsulo anayala masipanala ndi nyundo zawo, naipaka dontho lofiira. Amuna aja, amene chaka chilichonse ankamuputa, anasuntha zida zawo kuti apeze malo. Palibe ananena nthabwala.

Pa 1 Novembala tebulo lake linasamutsidwira kukachipinda ka pafupi ndi mosungira katundu. Anamupatsa dzina la udindo lalitali, loyang'anira mapulogalamu akale. Atsikana ake awiri anachoka chaka chisanathe. Sanamuchotse ntchito, ndipo ena amati ayamike pamenepo. Ankamuitana boma likasintha msonkho, iye n'kukonza, n'kubwerera kukachipinda kake. Ntchito yatsopano sanapatsidwenso ngakhale imodzi. Anayesa kuphunzira Java yekha madzulo kunyumba, ndipo anafika poimva, koma atapempha kuti amuikeko pa gulu, anamuyankha kuti pangano ndi a ku Chennai silikulola. Ayya anamwalira pa 8 Ogasiti 2015 osanenapo kanthu za tsiku lija. Kanagavalli anapuma ntchito pa 31 Marichi 2020, mzinda wonse utatsekedwa chifukwa cha mliri. Panalibe khofi, panalibe shawelo ya paphewa imene timaveka opuma. Anamuimbira foni.

Nditachoka ku phwando lija mwezi watha, ndinakwera basi ya ku Pollachi, kumene anabwerera mwamuna wake atamwalira. Ndinamupeza akupera mpunga wa zitumbuwa za m'mawa. Pa makina ake operera panali kankhata kouma ka chaka chatha.

"Anakutchula Elango?" anafunsa osatembenuka. "Kapena unangodya maswiti?"

"Anatchula lole."

"Lole ija inali yabwino." Anathira madzi pang'ono mu mpunga. "Makina akuda aja akadalipo?"

"Asintha kangapo. Atsopanowa ndi aang'ono, amalowa m'kabati. Koma akuti pansi pake mitengo ikuwerengedwabe ndi mapulogalamu ako."

"Ndikudziwa. Nanga nkhata amapachika ndani?"

"A ku Chennai anapita kalekale, amagwirira kwawo. Chipinda chimakhala chokhoma. Mlonda amaikoleka pa chogwirira chitseko."

Anazimitsa makina operera. Ndinali nditalumbira m'basi kuti sindifunsa, koma zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndi zambiri kusunga funso.

"Kanagam, unali utayamba bwino. Unati, Ayya, Thambi. Panatsala mawu ochepa chabe. Bwenzi nkhata ili yako mpaka tsiku lopuma."

Anapukuta manja pa sari, nandiyang'ana monga ankayang'anira munthu wolakwitsa nambala.

"Akka, anandifunsa. Munthu atandifunsa chinthu chimene ndikuchidziwa, ndinene kuti sindikudziwa?"

"Sanali kukufunsa, ukudziwa bwino."

"Ndiye akanafunsa mwana wawoyo."

Anayatsanso makina, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye anasiya kukwiya kalekale, kapena amabisa bwino. Ine ayi. Ndinakhala pa mpando wake wa pulasitiki ndikumwa khofi, ndikukumbukira amuna onse amene anali m'chipinda chija pa 13 Juni 2007, aliyense pamene anakhala. Palibe ngakhale mmodzi amene anataya kanthu.